Sentimita Imodzi Yokha

Lolemba, 5 Meyi

Kuchipatala. Makina ojambula m'thupi aja, kachiwiri. Benchi yozizira, fungo la mankhwala okolopera, mayi wina pambali panga akusenda lalanje ndi chikhadabo.

Chotupa cha pa impso ya kumanzere chakula. Mu Novembala chinali masentimita 2 m'mimba mwake. Lero 3. Adokotala andionetsa pagalasi la makinawo. Chobulungira bwinobwino, ngati chojambula ndi kampasi. Akanakhala mwana wa m'kalasi mwanga wajambula, ndikanampatsa malikisi onse.

Akuti nthawi yongochiyang'ana yatha. Panopa angathe kudula chokhacho n'kundisiyira impso. Chikafika pa 4, impso yonse, ndipo mwina chidzakhala chitayenda kale kwina. Malo a opaleshoni alipo sabata yoyamba ya Juni. Ndikawaphonya, mzere udzandipezanso cha mu Okutobala. Ndikapereke yankho Lolemba pa 26, ndipo ndipite ndi bambo a kunyumba. "Musabwere nokha, mayi." Anena kawiri.

Ndinati ndine mphunzitsi wa masamu, ana anga alemba mayeso mu Julayi. Anangoti, "Ndiye sindivutika kukufotokozerani."

M'basi ndawerengetsa pachikhatho ndi bolopeni. Voliyumu ya chinthu chobulungira: 4/3 × π × r³. Rediyasi 1, yankho 4.19. Rediyasi 1.5, yankho 14.14. Kugawa: pafupifupi 3.4. Chachuluka katatu n'kupitirira, m'miyezi isanu ndi umodzi. Ndafufuta ndi malovu ndisanatsike.

Kunyumba ndapeza amuna anga, a Telala, ali pamakina osokera, mapini kukamwa. Ndawauza: chinali 2, chili 3. Anatsitsa tepi ya m'khosi, chala pa 2, chala pa 3. "Basi? Aphunzitsi, imeneyi ndi ija ndimasiyira msoko." Anaseka mpaka pini imodzi kugwa. Anatereka ketulo.

Za pa 26 sindinatchule. Za 4 ayinso. Koma sindinaname, ndipo ndikulemba pano kuti ndidzakumbukire: manambala onse awiri ndi oona.

Lachitatu, 7 Meyi

Silabasi ilibe chisoni. Mutu wa sabata ino m'kalasi ya mayeso: zinthu zobulungira.

Chaka chilichonse ndimatchera msampha womwewo. Ndimajambula mipira iwiri pabolodi, wachiwiri wowirikiza woyamba m'mimba mwake. Mpweya wa mkati wachuluka kangati? Kalasi yonse ndi mawu amodzi: kawiri. Ine ndiye ndimayenda pang'onopang'ono kupita pazenera, kuwasiya adzitame kaye, kenako n'kulemba 8 wamkulu. Kufuula, kukana, kumenya madesiki. Phunziro limene ndimalikonda kuposa onse. Ana akale ndikakumana nawo mumsewu amandikuwira "kasanu n'katatu".

Lero ndatchera, akodwa, ndalemba 8. Choko chinaduka. Ndinaima ndikuyang'ana mpira wachiwiriwo nthawi yaitali, mpaka mtsikana wa desiki ya kutsogolo anati, "Madamu, mwaiwala china?" Ndinati ndikuona ngati ndajambula mowongoka.

Ndawafotokozera monga mwa masiku onse. Chingwe chimakula mbali imodzi. Nsalu mbali ziwiri. Mpira mbali zitatu nthawi imodzi, ndipo diso limangoona imodzi. N'chifukwa chake umakupusitsa.

A Telala ndi munthu wa chingwe ndi nsalu. Sindingawanene.

Lachisanu, 9 Meyi

Mutu kuwawa tsiku lonse. Ahedi akufuna makalasi owonjezera Loweruka lililonse mpaka mayeso. Ndavomera msangamsanga, ngati munthu wopatsidwa pobisala.

Ndinene zoona, pano pokha. Si mayeso. Ana angalembe ndi mphunzitsi wina, mnzanga wa sayansi amadziwa masamu bwino, kungoti ndi waulesi.

Ndi chitseko chija cha kuchipinda cha opaleshoni. Chobiriwira, cha mbali ziwiri, chokhala ndi timawindo tozungulira. Amayi analowa pamenepo atagona pabedi la matayala, akuseka ndi anesi. Nawonso ankati ndi kanthu kakang'ono. Anavula masilipasi n'kundipatsa: "Undisungire, ndidzavala potuluka." Ndinawagwira m'manja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amene anatuluka ndi adokotala okha, chipewa m'manja.

Tsiku limenelo amene anakomoka ndi a Telala, osati ine. Mkamwini kukomoka, mwana wawo ali chilili. Abale amawaseka nazo mpaka lero. Mtima wawo ndi wa nsalu yopyapyala, ndipo mapilitsi awo a kuthamanga kwa magazi ndine ndimawakumbutsa.

Ndiye ndiwauze chiyani. Kuti ndiwapatse masilipasi?

Lamulungu, 11 Meyi

Kumsika. Mayi wa malalanje: awiri aang'ono kapena limodzi lalikulu, mtengo umodzi. Ndayeza ndi maso. Aang'ono 6, lalikulu 8. 216 kuwirikiza kawiri ndi 432. Lalikulu 512. Ndatenga lalikulu. Mayiyo anandimvera chisoni, akuti ndaluza lalanje lathunthu, n'kundiwonjezera ndimu. Kale ndikanasangalala nayo nkhani imeneyi mpaka kukaifotokoza mu ofesi ya aphunzitsi.

Tsopano zobulungira zili paliponse. Anyezi. Chogwirira chitseko cha kubafa. Mpira wa ana umene unakodwa padenga la sitolo ya moyang'anana nafe. Mitu ya mapini a a Telala, yofiira ndi yachikasu. Ndikaona chilichonse, mutu umayamba wokha kuwirikiza katatu.

Madzulo ndachita chimene ndinalonjeza kuti sindichita. Pa 4, voliyumu ndi 33.5. Kasanu n'katatu poyerekeza ndi Novembala. Kuchoka pa 14.14 kufika pamenepo, ngati chipitirire liwiro lomweli, miyezi inayi ndi masiku pang'ono. Seputembala. Mzere wa Okutobala udzapeza chitafika kale.

Ndabwereza kawiri, njira ziwiri zosiyana. Yankho lomwelo. Ndadzitonthoza kuti chotupa sichinalowepo m'kalasi mwanga, sichidziwa fomula. Kenako ndaganiza kuti ngati sichiidziwa, chingathenso kuthamanga kuposa pamenepo.

Lalanje lija tadya tonse. Lopanda madzi, khungu lokhalokha.

Lachitatu, 14 Meyi

Mkodzo wofiirira m'mawa. Osati kwambiri. Ngati tiyi wosalimba. Ndathira madzi kawiri, ndatsuka, ndatsegula zenera.

Kum'mbali kuno kumanzere kukulemera. Kupweteka ayi. Kulemera chabe, ngati ndaika mwala m'thumba la siketi.

Siketi yabuluu yayamba kuzungulira yokha m'chiuno. A Telala anaona ndisanatuluke pakhomo. Munthu uyu angaiwale tsiku limene tinakwatirana, koma chiuno changa amachidziwa pamtima. Anandiimika pakati pa shopu, tepi m'chiuno, mpweya wawo pakhosi panga. "Masentimita awiri apita. Ana akukudyani, aphunzitsi." Anaibweza pomwepo ine nditavala chitenje, n'kuisita. Ntchito yaukhondo ngati nthawi zonse.

Masentimita awiri a siketi awadetsa nkhawa, andigulira mkaka ndi mazira. Imodzi ija ayi.

Ine ndikuchepa, icho chikukula. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Loweruka, 17 Meyi

Kalasi ya m'mawa, theka la ana silinabwere. Masana kwabwera akulu anga.

A Telala ndiwo anayambitsa, ali ndi chimwemwe chonse. "Alamu, mwamva uthenga wabwino?" Tepi pansi, chala pa 2, chala pa 3. Nthabwala ya msoko ija. Aiuzanso makasitomala, ndamva. Mwina msewu wonse ukudziwa tsopano kuti aphunzitsi ali bwino.

Ndinapsa mtima, Mulungu andikhululukire. Ndinafuna kuwalanda tepiyo n'kuiponya panja. Munthu wamkulu, wa imvi, kukhutira msanga chonchi? Osafunsa n'komwe kuti adokotala anati tichite chiyani? Koma ndine ndinawapatsa nambala zosenda kale. Ndinadziwa mmene adzaziyezere. Ndinawatchera msampha wa m'kalasi uja, ndipo pa 8 sindinafike.

Akulu anga sanaseke. Iwo masamu anathawa kalekale, koma ine amandiwerenga ngati chikwangwani. Tili awiri kukhitchini anatseka mpopi n'kundiyang'ana. "Iwe, ukamayankha mwaulemu chonchi ndiye kuti pali kanthu." Ndinati kutopa. Anapukuta manja nthawi yaitali. Potsazika pageti: "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine sindingakutsekulire."

Kuyenda kwawo kwafanana ndi kwa amayi tsopano. Ndinawayang'ana mpaka anakhota.

Lachiwiri, 20 Meyi

Ndachonga mayeso oyeserera. Funso la mipira iwiri, oposa theka alakwa. Fomula ailoweza bwinobwino, amaiimba ngati nyimbo. Koma ukawafunsa popanda manambala, kuti ungoyerekeza, dzanja limalembabe kawiri. Mutu wavomera, diso likukana. Pafunika chinthu choti agwire ndi manja.

Ndadzera kwa mayi woumba miphika ya maluwa, kuseri kwa malo okwerera basi. Wandipatsa dongo lodzaza pepala la pulasitiki. Lozizira, lolemera kuposa maonekedwe ake.

Anesi aimba foni nthawi ya chakudya chamadzulo, kukumbutsa za Lolemba. Ndinakayankhira panja, pafupi ndi chingwe choyanikira. Nditabwerera ndinati ndi kholo la mwana wina. Limeneli ndiye bodza lenileni, loyamba. Lilibe nambala yoona yolibisira.

A Telala agula nsalu. Yobiriwira, ya timadontho. Akuti diresi loti ndidzavale mwana wathu akamadzamaliza maphunziro ake mu Okutobala. Ayamba kale kujambula ndi choko chawo chaphwatalala chija. Amakonda kunena kuti m'nyumba muno tonse timadya za choko. Akuti asiya msoko waukulu, "kuti mukadzanenepanso tidzangomasula."

Ndinayamikira nsaluyo. Ndi yokongoladi. Mtundu wake ndi wa chitseko chija.

Lachisanu, 23 Meyi

Magazi abweranso, ochulukirapo.

Ndayesa kuwauza. Ndinakonza mawu m'basi, ndinayamba ndi "bambo, tamverani". Anaimitsa makina, anakweza magalasi pamphumi, nkhope yonse kundipatsa. Ndinawafunsa ngati amwa mapilitsi.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine si manyazi, ndi mantha, koma una ndi womwewo.

Ndikapanda kupita Lolemba, palibe adzadziwe. Malo adzapatsa wina. Juni adzadutsa, Julayi ana adzalemba, ine ndidzavala diresi lobiriwira. Maganizo amenewa ndi okoma, ndawayamwa tsiku lonse ngati switi. Ndikuopa kukoma kwake kuposa magazi aja.

Dongo lili pansi pa sinki, ndalikulunga ndi chiguduli chonyowa.

Loweruka, 24 Meyi

Ndilembe bwinobwino mmene zinayendera.

Masana, shopu yopanda kasitomala, kunja mitambo. Ndinatulutsa dongo kuti ndikonze zophunzitsira za sabata ya mawa. Ndinayala nyuzipepala patebulo lodulira nsalu. Timipira tanga timatuluka ngati mazira, tina ngati mbatata. A Telala anapirira pang'ono, kenako: "Aphunzitsi, manja anuwa ndi a bolodi. Patseni kuno."

Anafunsa kukula kwake. Ndinati tating'ono tambiri, masentimita 2 kalikonse. Kenako tiphatikize mpaka tipeze umodzi wa masentimita 3, ana aone kuti talowamo tingati.

Sindinakonzekere manambala amenewo. Kapena ndinakonzekera. M'buku muli 5 ndi 10, ndipo zaka zonsezi ndagwiritsa ntchito 5 ndi 10. Pakamwa panatuluka 2 ndi 3, ndipo sindinabweze.

Iwo sanazindikire kanthu. Anayala tepi patebulo, mabokosi awiri a machesi uku ndi uku ngati zipupa, kampira pakati. Kakapyola amatsinako, kakachepa amawonjezera. Munthu wosalola ulusi umodzi kulendewera. Anabulunga khumi ndi tiwiri, tofanana ngati mabatani, akuimba ka mluzu.

Ndinawafunsa kuti akuganiza kuti tilowa tingati. "Kamodzi ndi theka. Ngakhale ine wosaphunzira ndikudziwa." Anadula kena pakati ndi ulusi, anaphatikiza ndi kathunthu, anabulunga, anaika pakati pa mabokosi. Sikanafike n'komwe pa ziwiri ndi theka. Anati dongo ili ndi lonyenga. Anawonjezera theka linalo. Ayi. Kachitatu konse. Kanatsala pang'ono, koma mabokosi sanafike pa 3. Anatsina kachinayi, chidutswa chabwino ndithu, n'kumata. Pamenepo ndiye 3.

Mluzu unali utasiya kale. Sindikudziwa unasiya pati.

Anaika kakang'ono kamodzi pambali pa wamkuluyo. Anayang'ana. Anayang'ana tepi, pamene zala zawo zakhala zikuloza masabata onsewa, pa 2 ndi pa 3. Anatenga kakang'ono m'dzanja lamanzere, wamkulu lamanja, n'kumayeza kulemera ngati munthu wogula tomato. Khutu lawo linafiira. Ine maso pa botolo la mapilitsi pashelefu, kuwerenga mapazi oti ndikalitenge.

Sanakomoke. Anafunsa motsitsa mawu, osandiyang'ana: "Mu Novembala ndi aka?" Ndinati inde. "Pano ndi uyu." Inde.

Kunja galimoto ikubwerera m'mbuyo, kulira kwake kuja.

Kenako: "Adokotala anatchula nambala ina?" Ndinati 4. Ndinanena zonse, impso, Juni, Okutobala, Lolemba, magazi, foni ya anesi. Zinatuluka mosalongosoka, ngati mwana wogwidwa akubera mayeso.

Anatenga timipira totsala, anasuntha bokosi la machesi kufika pa 4, anayamba kuphatikiza. Kamodzikamodzi, akuyeza. Ndinati bambo, ndikuuzeni yankho. Anati, "Ayi. Mwandiuza kokwanira." Tinatha patebulo, anabulunga tina. Tisanu ndi titatu. Anauika pamzere ndi inzake iwiri ija, waung'ono, wapakati, wamkulu, n'kupita kukasamba m'manja. Anakhalitsa kumpopi.

Atabwerera anapinda nsalu yobiriwira ija, choko chili pomwepo, n'kuiika pashelefu ya pamwamba. Mawu okhawo: "Ndauza msewu wonse kuti ndi msoko."

Ndikanakonda akanandikalipira.

Lamulungu, 25 Meyi

A Telala sanandilankhule kwambiri. Osati mokwiya. Amandizungulira ngati ndine galasi. Mapilitsi amwa okha, osakumbutsidwa, koyamba chikwatirane.

Apita kwa akulu anga masana, abwerako maso ali ofiira. Akulu anga atumiza mawu amodzi: abwera mawa m'mawa, ndisayerekeze kutuluka pakhomo la kuseri.

Mipira itatu ija ili pazenera la shopu, ikuuma. Wa 4 wayamba mng'alu.

A Telala ndinawauza za masilipasi. Anati akukumbuka, analipo, "mpaka pamene ndinagwa paja." Tinaseka pang'ono, kuseka kowawa. Akuti iwo sasunga masilipasi a munthu. Ndikalowe nawo kapena ndipite osavala.

Ndikuopabe chitseko chija. Palibe chasintha pamenepo.

Lolemba, 26 Meyi

M'mawa. Makina avindikira ndi nsalu yake, pachitseko cha shopu apachika kuti kwatsekedwa. Avala jekete la maukwati. Tepi ili m'khosi, aiwala kuvula, sindiwauza.

Tikumwa tiyi anabweretsa mpira wapakati uja patebulo. "Uyu ndi wa tsiku lija anakujambulani. Lero chili pati?" Ndinati palibe angadziwe popanda makina. Anati ndiwerengetse basi, si ndine aphunzitsi.

Ndawerengetsa m'mphepete mwa nyuzipepala. Masabata atatu, ngati liwiro ndi lomwelo. Kuchoka pa 14.14 kufika cha pa 16.3. M'mimba mwake 3.14. Ndinatsala pang'ono kuseka, nambala imene ndakhala ndikulemba pabolodi moyo wanga wonse. Patepi sichioneka n'komwe, kakhungu ka chikhadabo.

"Musandiuze za tepi. Mwa dongo."

Ndinati theka la kakang'ono kaja.

Anapita pansi pa sinki, anatsina dongo lonyowa, anabulunga ka 2, anakadula pakati ndi ulusi. Theka anandiikira m'dzanja. Sananene kuti ili ndi la masabata amene munakhala chete. Sanafunike kunena.

Lili pano pambali pa bukuli, lozizira, ladetsa tsamba. Laling'ono kwambiri. Ndikulitembenuza ndi chala, kufuna mbali imene lingaoneke laling'ono kuposa apa.

Geti lalira, akulu anga afika. A Telala aima pakhomo ndi chikwama changa, akuitana. Ndavala nsapato zomanga ndi zingwe. Ahedi sindinawauze, ana adikira phunziro la dongo, ndipo mipira yake ili m'thumba la jekete la a Telala.